Msinkhu wa a Solomoni

Makina osemera zitsulo a m'shapu ya a Ezekieli ku Katete anawakhazika ndi malemu apongozi awo, a Solomoni, amene anali munthu wamfupi. Anawamangira pa simenti molingana ndi msinkhu wawo, nalembapo dzina lawo ndi msomali simentiyo isanaume. A Ezekieli anali wamtali kwambiri. Kwa zaka makumi awiri anawerama pamenepo, kusema maekiselo a ngolo ndi mashafiti a zigayo zochokera ku Sinda mpaka ku Vubwi.

Kutchalitchi, msana wopindikawo anthu ankautamanda. Akamadutsa ndi chikho cha Mgonero mutu uli pansi, amayi ankanong'onezana kuti kudzichepetsa ndi kumeneko. Eni ake ankadziwa zoona. Mwendo wamanzere unkachita dzanzi, ndipo mumtima ankangopempha Ambuye kuti asagwe chikho chili m'manja.

Mwana wawo Clementina, namwino, anabwera tsiku lina ndi chingwe. Anawaimiritsa chowongoka, nayeza kuchokera pansi kufika pachigongono, namanga mfundo. Atayezanso pa chogwirira cha makina, mfundoyo inatsala m'mwamba kuposa chikhatho chotambasula.

"Atate, makinawa akadali a agogo, si anu. Tiwakweze, apo ayi mudzasiya kuyenda."

Iwo anakana. Akanaswa bwanji dzina la munthu amene anawapatsa mkazi ndi ntchito yomwe? Komanso inali nyengo yokolola, ngolo zothyoka zili ndandanda pabwalo. Anati aona akatha kukolola. Anthu anakolola katatu.

M'mawa wina akuweramira ekiselo, m'chiuno munalasa ngati mkondo, mwendo n'kufooka. Stanford, mmisiri mnzawo, anawapeza atagona pa zinyenyeswa za chitsulo. Kuchipatala anakhalako miyezi iwiri, ndipo ali chigonere anavomera zokweza makina zija. Stanford anaswa simenti ija, nasunga chibenthu cha dzina, nakweza makinawo ndi njerwa kufikira pa mfundo ya chingwe chimene Clementina anali atasunga.

Tsiku lobwerera kushapu, Clementina atawaperekeza, a Ezekieli anatsamiritsa ndodo yawo pakhoma, naima pamalo pawo. Chogwirira chinawafika pachifuwa. Anayesa kuwongoka kuti aone pamene mpeni ukudya chitsulo, koma msana unakana. Anayesanso, thukuta lili kamukamu, mpaka Clementina anayang'ana kumbali. Chingwe chija chinayeza munthu wa zaka zitatu zapitazo.

Stanford anati akhoza kuchotsako njerwa, awatsitsenso.

"Ayi, mwamanga bwino," anatero a Ezekieli. "Imani apa inu, a Stanford. Wongokani msanawo, ndione."

Stanford anaima, chigongono chake chinalingana ndi chogwirira. A Ezekieli anakhala pa benchi pang'onopang'ono, chibenthu cha simenti chili pamiyendo. Makina atayamba kulira, milomo yawo inkagwedera ndi nyimbo ya pa Mgonero, koma mawu sankamveka.