Gawo la Sophia

Chaka chimene kampani ya mabasi inachotsa anthu ntchito, Whyson anali m'gulu la ochotsedwawo. Nyumba inatsala m'manja mwa mkazi wake Ketty, amene ankagulitsa vitumbuwa pamsika wa Matero. Mitengo inkakwera sabata ndi sabata, ndipo unga wotchipa unkagulidwa ndi makuponi a boma okha.

Tsiku lina masana, Whyson atapita kukasaka ganyu, pakhomo panafika mayi atagwira kamtsikana padzanja. Ketty anamuzindikira msanga. Anali Felistus wa ku komboni ya George, mkazi woyamba wa Whyson, ndipo kamtsikanako kanali mwana wawo Sophia. Khoti linagamula kale kuti bamboyo azithandiza mwanayu mwezi ndi mwezi, koma chichokereni ntchito sanatumizeko kanthu.

"Sininabwere kukangana, amake Moven," anatero Felistus. "Nifuna chabe kuonana na batate bake."

Ketty anali atakonzeka kale kuyankha mwaukali. Koma maso ake anagwa pa nsapato za Sophia, zobooledwa kutsogolo kuti zala zipeze malo. Mwanayo ankaluma mlomo wam'munsi monga amachitira Moven, mwana wake wa Ketty, akamva njala. Ukali wonse unathera m'khosi. Anawayalira mphasa, napatsa Sophia vitumbuwa viwiri.

"Nanga bakhoti banakamba zingati?" anafunsa Ketty.

Felistus atatchula, onse awiri anaseka mpaka misozi. Pamene ankagamula, ndalamayo inkagula thumba la unga ndi sopo. Tsopano inali ya mabanzi basi.

"Tiyeni tiiwale va khoti," anatero Ketty. "Mwana uyu afuna chani pa mwezi?"

Anayamba kuyerekeza pamodzi, wina akatchula unga mnzake n'kuwonjeza makala, tinsomba ta kapenta ndi yunifolomu. Pamenepo Ketty anamva kuti Felistus sanalandirepo makuponi. Anthu anamuuza kuti ndi a mabanja okhala ndi bambo pakhomo, ndipo iye anachita manyazi kukafunsa.

"Bananama amene banakuuzani! Imwe na mwana ndimwe banja. Mawa nizakuperekezani kolembetsa. Munyamule reji, chija chitupa chanu cha boma, na kadi ya mwana ya ku kiliniki."

Whyson anabwera dzuwa litapendeka, fumbi la simenti lili mbuu m'tsitsi. Anapeza akazi awiriwo atagwada pathumba la unga, akuyeza ndi chitini n'kumathira m'kathumba. Anaima pageti ngati mlendo. Sophia anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anathamanga n'kumukumbatira miyendo.

"Uyu unga ni gawo la Sophia," Ketty anauza mwamuna wake motsitsa mawu. "Mukapeza ganyu, ndalama muzigawa patatu, osati pawiri, kuti na Sophia azipezako."

Whyson anasendeza njinga yake. Anamanga kathumbako kumbuyo kwa njinga, nakweza mwana wake kutsogolo, n'kuyamba kukankha kulowera ku George, Felistus akutsatira.

M'mawa mwake Ketty sanakazinge vitumbuwa. Anaima ndi Felistus pamzere wautali, padzuwa, akufunditsana chitenje chimodzi kumutu. Pamene kalaliki anawafunsa ngati anali pachibale, Felistus anayang'ana Ketty.

"Bana bathu ndiye bali pachibale," anayankha Ketty. "Lembani ba Felistus, ine nangobaperekeza."

Makuponi anatuluka mwezi wotsatira. Chithandizo cha Whyson chinkabwera mwa apo ndi apo, monga mmene ganyu ankapezekera, ndipo nthawi zambiri wokapereka ku George anali Ketty yemwe.