Njerwa ya Ziro

A Levulo, mmisiri womanga nyumba wa zaka makumi asanu, anatsala ndi mphindi makumi awiri zokha. Mphunzitsi anali atanena mosapsatira kuti wosamaliza ntchito ya lero sapita nawo gawo lachiwiri la maphunziro olemba mapulogalamu a kompyuta. Mwana wawo wamkazi, yemwe anawakokera kusukuluyi anzawo akuwaseka, anali atakhoza kale ndipo ankawadikira pawindo. Iwo, mwa manyazi, ankakhala mzere wakumbuyo kuyambira tsiku loyamba.

Ntchitoyo inkaoneka ya masewera. Tebulo la manambala, mizere itatu, mzere uliwonse timabokosi tinayi, ndipo pulogalamu iyende bokosi ndi bokosi mpaka ionetse zonse. Khoma basi, anatero mumtima. Munthu womanga nyumba zosanja angagonje ndi kakhoma ka njerwa khumi ndi ziwiri?

Koma kompyuta ilibe ulemu kwa akuluakulu. Akaiuza kuti iyambe mzere 1 mpaka 3, inkadumpha mzere wapamwamba wonse, kenako n'kulemba mofiira kuti mzere 3 kulibe. Kulibe bwanji, iwo akuuona ndi maso awo? N'zoona mphunzitsi ananenapo kuti kompyuta imayamba kuwerenga pa ziro, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Ziro ndi kupanda kanthu, ndipo munthu wamutu wake sayala njerwa ya ziro.

Thukuta linayamba kutsika, mantha n'kuwagwira ndithu. Popisa m'thumba kufuna kampango, dzanja linakumana ndi tepi yoyezera, imene sasiyana nayo ngakhale paukwati. Mwachizolowezi anaikoka, n'kukoletsa kachitsulo kake pakona ya desiki. Anayang'anitsitsa pamenepo. Pakonapo tepi inkayambira pa ziro. Zaka zonsezi njerwa yoyamba ankaiyala pomwepo, isanasunthe n'pang'ono pomwe kuchoka pakona.

“Si nambala ya njerwa ayi,” analankhula mokweza osadziwa. “Ndi mtunda wochokera pakona!”

Chipinda chonse chinacheuka, koma iwo analibe nazo ntchito. Ndi zala ziwiri zokakala ndi simenti anafufuta 1 n'kuika 0, pamizere ndi pamabokosi pomwe. Mizere ithere pa 2, mabokosi pa 3. Atadina batani, manambala khumi ndi awiri anangoti ndanda, owongoka ngati khoma lomangidwa motsata chingwe. Anaseka mpaka mpando kugwedera, ndipo chimwemwe chawo chinaposa cha tsiku lokhoma denga.

Mphunzitsi anabwera, anawerenga, anagwedeza mutu, kenako anabwereka tepi ija kuti akaonetse ena atatu amene anali atatitimira pamalo omwewo.

Panja mwana wawo anawalandira chikwama, maso ali ndi misozi, n'kufunsa moseka kuti Lolemba akhalanso kumbuyo kodi.

A Levulo anapinda tepi yawo, imene mphunzitsi anali atawabwezera, n'kuiika m'thumba.

“Undisungire mpando kutsogolo pafupi nawe, mwanangu,” anatero. “Mzere wa ziro.”