Chifuwa Changa Chinaliza Makina ku South Bend

Ine Dixon ndayenda. Ndagulitsapo matayala ku Durban, ndayendetsapo thiraki ku Dubai, ndipo lero pa Lafayette Road ku Indianapolis kuno pali galaja yolembedwa dzina langa. Koma zimene ndinachita ku South Bend, ngakhale maprofesa akuzikambabe.

Tusekele ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo tsiku limene anafika kuno ndinakamuchingamira ndine ku eyapoti. Pano ali pa yunivesite ku South Bend, akulimbana ndi chitsulo cholemera chotchedwa amerishiyamu, chotulutsa cheza choopsa. Amachipaka pa kambale kopyapyala ngati khoko la anyezi, n'kumachiwombera ndi manyutironi, tinthu tosaoneka ndi maso. Ntchito yake n'kuwerenga kuti mwa manyutironi onsewo ndi angati ang'amba mtima wa atomu pakati. Kambaleko anakavutikira chaka chathunthu, ndipo mpata wake pa makina aakulu owomberawo unali sabata imodzi yokha. Ukadutsa, adikirenso chaka china.

Ndinamuuza kuti malume ake sangaphonye tsiku lotere. Anatipezera chilolezo cha alendo, ine ndi mkazi wanga Belinda, amene ndi nesi.

Dzulo lake ndinali nditazemba n'kupita kuchipatala ku Indianapolis, chifukwa ndinkabanika pokwera masitepe. Anandibaya mankhwala ounikira mtima. Belinda ndinamuuza kuti ndapita kukaoda masipeya. Mwamuna wakwathu salengeza matenda.

Titafika ndinapatsa moni wa m'manja aliyense, ndinaonera kambaleko pagalasi, ndinawalangizanso kamangidwe ka mabawuti awo. Potuluka, Tusekele anakwera pa makina oyeza cheza m'manja ndi m'mapazi, monga mwa lamulo lawo. Ine ndinamukoleka dzanja paphewa kuti Belinda atijambule. Makina analira ngati ambulansi.

Anabwera akuthamanga mayi wina dzina lake Joan, woyang'anira chitetezo. Anati mwina kambale kasweka ndipo fumbi lake lamumata Tusekele. Zikakhala choncho chipinda atseka, kuyeza konse akansola. Kenako anafunsa ngati pali wina amene wapita kuchipatala posachedwa. Ndinayang'ana Belinda, n'kuseka kwambiri, n'kunena kuti ine mutu sunandipwetekepo chichokereni ku Durban.

Joan anamuvulitsa Tusekele nsapato ndi jasi loyera, n'kunyamula foni kuti auze anzake azimitse makina aakulu. Mwana uja anaima ndi masokosi okha pasimenti.

"Malume, chaka changa chapita," anatero chapansipansi.

Pamenepo ndinamasula batani la shati.

"Mayi, ikani foniyo. Yezani apa."

Joan anabweretsa kachipangizo kake ka m'manja pachifuwa panga. Kanakuwa mpaka muvi wake unagunda kumapeto. Ndinafotokoza za jekeseni wa dzulo uja. Anayezanso ndi chipangizo china, chimene chinasonyeza kuti cheza chimenechi n'cha mankhwala akuchipatala, osati cha amerishiyamu. Ananditulutsa kukaima kumalo oimika magalimoto, Tusekele anakweranso pa makina aja, ndipo makinawo anangoti zii. Foni ija sinaimbidwe.

Belinda anandipeza nditatsamira galimoto.

"Masipeya aja ndi amenewa, bambo a Mervin?"

Ndinati mtima nawo ndi injini, umafuna kuchekedwa. Sanaseke. Anandilanda makiyi, n'kunena kuti kokamva zotsatira za mtimawo tipita tonse, ndipo ndikadzayamba za Durban pamaso pa dokotala adzandisiya komweko.

Pobwerera, tikudutsa tauni ya Kokomo, Tusekele anaimba foni. Anati maatomu ayamba kung'ambika ndipo manambala akukwera pa kompyuta monga ankayembekezera. Ndinamuuza kuti polemba buku lake asaiwale kutchula kuti chitsulo chake choopsacho makina sanachimve n'komwe, anamva malume ake. Belinda anati ndikhale chete ndipumitse mtimawo. Ndinakhaladi chete, mpaka pa loboti yotsatira.