Chimbale cha Bambo

Mlendo anali asanamalize n'komwe kumwa madzi pamene bambo anadzuka n'kulunjika ku kabati. Mtima wa mayi unangoti myuu. Anawachonderera dzulo, m'mawa anawachondereranso, kuti lero lokha chimbale chija chigone. Koma bambo amenewa, nkhutukumve weniweni.

Mlendoyo anali mnyamata wokonza mafiriji, amene mwana wawo wamkazi anabwera naye kuti makolo amuone. Anali wachitatu. Awiri oyamba anathawira pampando womwewo. Wina ananamizira mutu, winayo anatuluka kukayankha foni, ndipo mpaka lero akuyankhabe. Mtsikanayo anali atanenetsa kuti uyu akathawanso, sadzabweretsanso munthu pakhomopo.

Chimbalecho chinali mbale yakuda yakalekale yoika pa galamafoni, pachikuto pake nyenyezi ndi utsi wofiirira. Woimba munalibe ngakhale mmodzi. Munali magitala okhaokha, ng'oma, ndi limba lolira ngati mphepo yolowera pazenera losweka. Nyimbo yoyamba yokha inkatalika moti mayi ankateleka mpunga n'kuuphula isanathe. Zaka makumi atatu akumva zomwezo!

Bambo anapukuta mbaleyo ndi kansalu kamene wina aliyense sankaloledwa kukagwira, anauzira singano, n'kulamula kuti pasapezeke wotsokomola. Anamuuza mlendo kuti nyimbo izi samvera ndi makutu okha ayi, munthu umachoka nazo pansi pano n'kukayenda pakati pa nyenyezi.

"Bambo ake, mwana wa eni wabwera kudzationa ife, osati nyenyezi," anatero mayi.

Bambo anangokweza chala kuti akhale chete.

Inayamba. Kwa nthawi yaitali kunkangomveka kung'ung'udza kumodzimodzi, kenaka gitala anayamba kulira ngati mphaka wotsekeredwa m'bafa. Mayi anakwiya. Ankayang'ana nsapato za mnyamatayo kuti aone ngati zaloza kukhomo. Mtsikana ankangopotokola mpango m'manja, misozi ili pafupi. Posakhalitsa mlendo anatsinzina, mutu n'kuwerama. Basi wagona, anaganiza mayi, chamanyazi chomwechi.

Singano inafika kumapeto. Mnyamatayo anatsegula maso pang'onopang'ono.

"Bambo, paja ng'oma zimasiya n'kutsala limba lokha paja, thupi langa linachita tsembwe. Kuseri kwake kulinso nyimbo? Tatembenuzani."

Bambo anavula magalasi n'kuwapukuta. Anati chigulireni mbaleyo, palibe munthu anawapemphapo mbali yachiwiri.

Apa ndiye mayi zinawakwana. Ankaopa kuti mnyamata athawa, koma izi zinaposa. Anamukodola mwana wawo n'kulowa naye kukhitchini, natseka chitseko. Anayamba kumuuza monong'ona kuti aganize bwino, poti safunsa anadya phula. Mwamuna wotere ukam'funsa za denga lodontha amakukwezera chala. Alendo amasiya kubwera, anansi amafunsa ngati m'nyumba muli makina owonongeka. Iwo anapirira chifukwa analibe wowachenjeza.

Ali pakati pa malangizowo, mawu a bambo anamveka kuchokera pabalaza, okweza chifukwa cha chisangalalo. Ankamuuza mnyamatayo kuti iwo makutu ayamba kufooka, ndipo chinthu chotere chimafunika mwini wochidziwa. Tsiku limene adzatenge mwana wawo, adzanyamulenso chimbalecho, galamafoni, ndi masipika onse awiri.

Mayi analekeza malangizo aja panjira. Anaona m'maganizo pabalaza pawo pali phee, pakabati pali maluwa, Loweruka lonse wailesi ikuimba nyimbo zokhala ndi mawu.

"Mumati chiyani, amayi?" anafunsa mtsikana.

Mayi anatsegula kabati ya ziwiya n'kutulutsa makapu aja osungira alendo olemekezeka.

"Ndimati mnyamatayu ndi waulemu. Usamuchedwetse, mwanawe. Mwezi wamawa womwewu zikhoza kutheka."