Amuna Anga M'gulu la Athanzi

Ine ndine dobi. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndakhala ndikuchapa ndi kusita zovala za anthu a kuyunivesite, ndiye wina asandiuze za mapulofesa. Inu mumawaona akutsika m'galimoto, tayi pakhosi, chikwama m'manja, n'kumati awa ndiye anthu. Ine ndimawadziwira kukolala. Mmodzi mpaka tinawapatsa dzina loti a Kolala, chifukwa khosi la shati yawo limadya sopo wokwanira bulangete. Ndi pulofesa wa za ubongo amenewo, ndipo nkhani yanga ikuyambira pa iwo.

Amuna anga ndi kalipentala. M'shedi mwawo, kuseri kwa nyumba, muli mpando wa miyendo itatu umene anauyamba chaka chatha. Mwendo wachinayi uli pabenchi, wopala kale, wangotsala kukhomera. Tsiku lina anangoika hamala pansi n'kukhala. Sanagwe, sanadwale malungo, palibe amene anamwalira. Anasiya kumeta, anasiya kuseka, chakudya ankangotola pang'ono n'kukankha mbale. Kukacha ankalowa m'shedi n'kukhala pabokosi la zida, maso kukhoma, mpaka dzuwa kupendeka. Ndinakalipa, ndinanyengerera, ndinalira. Alamu anga anabwera, anawayang'ana, n'kuti ndi ulesi. Kuchipatala chapafupi anawayeza magazi, ati ali bwinobwino. Titafunsa za dokotala wa matenda a maganizo anatilemba pamndandanda, ndipo mndandandawo sindinamvepo kuti wasuntha.

Lachiwiri lina a Kolala anabwera kudzatenga mashati awo, anandipeza maso ali psuu.

"Mayi, kwagwanji?"

Pakamwa panandipulumuka. Ndinati bambo kunyumba maganizo awachuluka, akungokhala.

Nkhope yawo inawala ngati ndawauza kuti apambana mpikisano. "Aaa, zakhala bwino kwambiri! Tili ndi kafukufuku watsopano, tikujambula ubongo, ndipo tikusowa anthu. Abweretseni Lolemba. Amene tawalandira amaonana ndi dokotala wamkulu wa matenda a maganizo sabata iliyonse, miyezi isanu ndi umodzi."

Zakhala bwino kwambiri, ati. Koma sindinakwiye tsiku limenelo. Ndinangomva mawu oti dokotala, sabata iliyonse, ndipo ndinalumbira mumtima kuti amuna anga alandiridwa, zivute zitani.

Tsono apa mundimvetse. Kulikonse kumene ndinapitako m'moyo wanga, kofunsira ntchito, kolembetsa mwana sukulu, ngakhale kopempha malo a shopu, amalandira wooneka bwino, wonyankhalala amamubweza pageti. Nanga kuyunivesite kukhale kosiyana? Komanso ndinali ndi mantha anga. Ndinkati akakalankhula zambiri awamanga n'kuwatsekera, msewu wonse udzayamba kuloza kuti uyo mkazi wa wamisala uja, ndipo a Kolala adzakafotokozera anzawo onse amene ndimawachapira.

Lamlungu masana ndinawakhazika pakhonde, ndinawameta ndekha. Ndinatulutsa suti ya paukwati wathu, inali itawakulira chifukwa chowonda, ndinaibweza m'chiuno ndi singano. Buluku ndinalisita mpaka mzere wake kuti nga, ukanatha kudula chala. Kenako ndinayamba sukulu.

"Abambo, akakufunsani ngati mumagona, muziti chiyani?"

"Sindigona."

"Ayi! Muziti ndimagona bwino. Kudya?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndimadya bwino."

"Eya, choncho. Zam'nyumba sitiyanika pamsewu. Akangokulandirani, mudzamuuza dokotalayo zonse muli awiri."

"Chabwino, amayi," anatero. Munthu amene kale ankatsutsana nane ngakhale za mtundu wa penti, tsopano chilichonse chinali chabwino amayi.

Lolemba tinafika. Nyumba ya kafukufukuyo inali ya magalasi okhaokha, yozizira ngati muli nyama. Pakhoma panali chithunzi chachikulu cha ubongo wopakidwa mitundu, ndi mawu achingerezi aatali kuposa mkono wanga. Anatilandira namwino wina wachitsikana, waulemu ndithu, wovala nsapato zosagogoda. Anati mafunso amafunsa munthu ali yekha.

"Ine ndine mkazi wawo," ndinatero, "ndipo atituma ndi a pulofesa enieniwo."

Atamva za a pulofesa anamwetulira n'kundikokera mpando. Lamulo lawo lonse linathera pomwepo.

Anatulutsa pepala la mafunso asanu ndi anayi. Funso lililonse munthu amayankha kuti zimamuchitikira masiku angati: ayi, masiku ochepa, masiku ambiri, kapena tsiku lililonse. Kodi mumasowa chidwi ndi zinthu? Ayi. Kodi mumakhala wokhumudwa? Ayi. Tulo? Ndimagona bwino. Amuna anga ankayankha ngati mwana wa sukulu woloweza ndakatulo, ine mtima uli m'malo, ndikunyadira ntchito yanga. Namwino anafika pafunso lomaliza, anatsitsa mawu.

"Bambo, kodi mumaganizapo kuti kukanakhala bwino mukanangofa?"

Amuna anga anayang'ana manja awo, milomo inayamba kutseguka. Ine ndinawaponda phazi pansi pa tebulo, ndi chidendene, mwamphamvu.

"Ayi," anatero.

Namwino analemba, n'kutiyamika. Kenako anawavula suti yanga ija, anawaveka kansalu komanga kumsana, n'kuwalowetsa m'makina ooneka ngati mgolo waukulu wogona chammbali. Makinawo anagogoda mphindi makumi anayi. Atatuluka anatipatsa kakhadi kolembedwa nambala 47, ati tidzakuimbirani.

Mwezi unatha. Foni ndinkaiika pambali pa simbi, ikalira ndinkasiya shati ikupsa. Mwezi wachiwiri ndinafunsa a Kolala.

"Zinthu za sayansi sizithamanga, mayi. Pali ndondomeko."

"Koma bambo akuipiraipira."

"Bambo ake ati?"

Abale inu! Munthu wodziwa timitsempha tonse ta m'mutu, koma m'mutu mwakemo dzina la munthu silikhala sabata. Ndinawakumbutsa, anagwedeza mutu, anandiuza kuti kolala ya shati yabuluu sinayere bwino ulendo watha. Mwezi wachitatu amuna anga anasiya ngakhale kulowa m'nyumba masana. Ndikawapititsira tiyi ndinkamupeza madzulo atazizira, ntchentche ili m'kapu.

Mwezi wachisanu ndi pamene foni inalira. Ati onse otenga nawo mbali akuitanidwa kuholo kudzamva zotsatira. Amuna anga anakana kupita, ndinapita ndekha ndi kakhadi kaja.

Holo inadzaza. Kutsogolo kunakhala akuluakulu, ena mwa iwo atavala mashati osita ine. Ife eni ubongo anatiika kumbuyo, pafupi ndi khomo la kuchimbudzi. Anayamba ndi kuthokozana. Uyu kuthokoza uyo, uyo kuthokoza uyu, m'manja kuombedwa, ola lathunthu. Kenako a Kolala anaimirira, anazimitsa magetsi, pachinsalu panaoneka zithunzi ziwiri za ubongo.

"Kumanzereku," anatero akuloza ndi kandodo, "ndi ubongo wa anthu makumi anayi odwala matenda okhumudwa, tawaphatikiza pamodzi. Amenewa akhala akulandira chithandizo kwa dokotala wathu. Kumanjaku ndi ubongo wa anthu makumi anayi athanzi, osadwala chilichonse, amene tinawajambula kuti tifananitse. Taonani kusiyana kwake!"

Anthu anati eee. Ine ndinayang'anitsitsa, sindinaone kusiyana kulikonse, zonse zinali ngati kabichi wodula pakati. Koma mawu oti magulu awiri anandilowa ngati singano. Palibe anandiuzapo kuti kuli magulu awiri.

Atamaliza, anthu anathamangira kutebulo la zakumwa. Ine ndinasaka namwino uja, ndinamupeza akulongedza mapepala. Ndinamupatsa kakhadi.

"Mwanawe, nambala 47 adzaonana liti ndi dokotala?"

Anatsegula kompyuta, anayang'ana. "Amayi, awa ali m'gulu la athanzi. A gulu limeneli saonana ndi dokotala."

"Athanzi ati? Munthu wosagona, wosadya, wokhala pabokosi chaka chathunthu?"

Nkhope yake inasintha. Anafufuza mufayilo, anatulutsa pepala lija n'kuliika patsogolo panga. Mafunso onse asanu ndi anayi, ziro, ziro, ziro mpaka pansi. M'munsi munali mawu a dzanja lake, anandiwerengera: wovala bwino, waukhondo, wodekha, ali ndi mkazi womusamalira.

Mawu amenewo ndikanawamva tsiku lina ndikanawapachika pakhoma.

A Kolala ankadutsa, mbale m'manja. Ndinawaimitsa, ndinawauza zonse, mosabisa, anthu akumva. Ndinati m'gulu lanu la athanzi muli amuna anga, ndipo akudwala kuposa ena a kumanzere. Ndinkayembekeza kuti afunsa kuti ali bwanji panopa. Iwo anasiya kutafuna, anatembenukira kwa namwino.

"Nambala chani? Ameneyo atiwonongera zotsatira. Mumuchotse lero lomwe, tiwerengenso zotsatira lipoti la kafukufuku lisanapite kukasindikizidwa."

Mxii! Anachoka akupukusa mutu ngati munthu amene wagwetsa foni m'madzi. Ndinafuna kuwakuwiza kuti kolala yawo ndi imene ikufunika kafukufuku, koma ndinadzigwira. Nanga ndikalipire ndani? Iwo ali ndi makina oona mkati mwa fupa, koma analephera kuona munthu ali pamaso pawo, ndi zoona. Koma amene anamusita munthuyo mpaka makwinya onse kubisika ndi ine. Akuti manyazi anapha lambe, ine anga anali pafupi kupha wina.

Namwino anandigwira dzanja. Iyenso maso anali atafiira.

"Ndinalakwa kukulolani kukhala m'chipinda muja," anatero. "Amayi, lamulo lathu ndi loti munthu akavomera funso lomaliza lija, ngakhale atati masiku ochepa, sitimubweza kunyumba. Amaonana ndi dokotala tsiku lomwelo, kafukufuku kapena ayi."

"Tsiku lomwelo?"

"Tsiku lomwelo."

Miyezi isanu. Ndinamva chidendene changa chikuyaka munsapato.

Anatenga pepala lina losalemba, analipinda n'kundipatsa, analembanso nambala ya foni yake kuseri. Anati ndibwere ndi amuna anga mawa m'mawa, adzawafunsa yekha chitseko chili chotseka, koma ngati lero anena chilichonse chondiopsa ndisadikire mawa, ndiimbe.

Ndinafika kunyumba cha m'ma folo. Sindinalowe m'nyumba, ndinapita kushedi ndi zovala zomwezo. Anali pabokosi paja, ndevu zitameranso, utuchi wa chaka chatha uli pomwepo pansi. Ndinakoka mpando wa miyendo itatu, ndinauyedzamiritsa kukhoma n'kukhala. Ndinatambasula pepala. Mafunso asanu ndi atatu ndinawalumpha, mayankho ake ndinkawadziwa kale.

"Abambo, ndikufunseni funso limodzi."

"Funsani, amayi."

"Kodi mumaganizapo kuti kukanakhala bwino mukanangofa?"

Anayang'ana mapazi anga, kenako anasuntha phazi lawo pang'ono kulibweza kumbuyo. Chimenecho sindidzachiiwala mpaka kumanda.

"Ndiyankhe zanu zija, kapena zanga?"

"Zanu."

"Tsiku lililonse," anatero.

Sindinakalipe, sindinawatseke pakamwa. Ndinalira, ndi zoona, koma ndikulira choncho ndinatembenuza pepala n'kuimba nambala ija. Namwino anati tibwere pompano, dokotala sanaweruke, amuuza adikire.

Amuna anga anaimirira pang'onopang'ono, anadziyang'ana. Shati inali ya masiku anayi, yokwinyika, kolala yakuda kuposa ya a pulofesa.

"Ndikavale suti?"

"Ayi," ndinatero. "Tiyeni momwemo."