Jekete la Lachinayi

"Pa kanema? Bambo ako akadali kumotchale, iwe ukakhale pa kanema?"

A Useni, akulu awo a malemu, anali atatseka khomo ndi thupi lawo lonse. Temwani anaima ndi chikwama m'manja. Pabalaza amayi a mvano anatsitsa nyimbo kuti amve bwino.

A Fryson Gwanda, bambo ake a Temwani, omwe anatisiya Lolemba, ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku Easterhouse, dera lina la kuno ku Scotland. Koma Lachinayi lililonse masana ankakhala pa kawayilesi ka kanema ka anthu a m'dera, n'kumapanikiza andale ndi mafunso. Oonera ake sakanadzaza ngakhale tchalitchi chimodzi, koma ee, mkuluyo ankayenda ngati Scotland yonse ikumumvera! Kwa zaka ziwiri analembera phungu wina wa nyumba ya malamulo ya ku Edinburgh kuti adzafotokoze chifukwa chimene basi ya mmamawa inachotsedwera. Phunguyo anali atavomera kubwera lero, Lachinayi. Akapeza mpando wa a Fryson ulibe munthu, ndiye basi, sadzabweranso.

"Bambo aakulu, ndi ola limodzi lokha," anatero Temwani, Chichewa chake chikupunthwa monga mwa ana okulira kuno.

"Kwathu mwana wa malemu amakhala pansi pafupi ndi mayi ake. Anthu ati chiyani? Ati banja la a Gwanda lilibe mwambo!"

Mayi Kettie, akazi awo a malemu, omwe chiyambire Lolemba anali asanadzuke pamatiresi a namfedwa, anadzuka. Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi jekete labuluu.

"Alamu, jekete ili mukulidziwa?"

"Si lomwe tikawaveke m'bokosi?"

"Lilibe thalauza lake. Amuna anga ankachokera kuntchito akuthamanga, n'kuvala ili pamwamba. Kunsi kwa tebulo inali yunifolomu, nthawi zina yonyowa ndi madzi osambitsira nkhalamba. Zaka zisanu ndi zitatu, alamu, osajomba. Ndinkachita nawo manyazi poyamba. Lero ndikuwanyadira, ndipo sindilola kuti ajombe chifukwa cha ine."

A Useni anasuntha pang'ono pakhomopo.

Mayi Kettie anamuveka mwana wawo jeketelo. Linamukulira mapewa, ndiye anamupindira manja ake kawiri, mwaudongo. Temwani atapisa m'thumba anapeza matikiti akale a basi omangidwa ndi mphira. Kuseri kwa iliyonse kunali funso, ndi dzina la amene analifunsa: oyeretsa m'chipatala, anamwino, nkhalamba ina yomwe mwana wake analeka kudzaiona basi itachotsedwa. Dzina la a Fryson panalibe paliponse.

Tikiti yapamwamba inali ndi mawu a Chichewa, omwe a Fryson anadzilembera okha pokonzekera phungu uja: "Uyambe wamufunsa kuti wabwera pa chiyani."

A Useni anaiwerenga, n'kupukuta m'maso ndi chala. Kenako anatembenukira amayi a mvano.

"Kodi rimoti ya kanema ili kuti m'nyumba muno?"