Helimeti Yotsala pa Mtengo

Warda atangodumpha ngalande ya pa siteji ya njinga zamoto ku Kabwata, amuna anayi anamuthamangira, aliyense akuloza njinga yake. Wina analonjeza kuti amunyamula ngati dzira, wina anati njinga za anzakewo n'zotchova. Iye anawapitirira onse n'kulunjika kwa amene anatsamira njinga yofiira pansi pa mtengo wa jakaranda, akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi.

"Ndimwe ba Kabamba?"

"Ndine wamene, ba sisita. Mbili yanga mwaimvela kuti?"

Warda anati anthu amamutama kuti sachedwa panjira. Kabamba anatembenukira anzake n'kuwauza kuti aphunzire, katundu wabwino sachita kuitanira. Iwo anamuyankha kuti ngakhale nsomba yowola imamveka patali.

Pa nthambi ya mtengowo panalendewera helimeti yakuda yong'aluka galasi. Njinga pa sitejipo zinalipo khumi ndi ziwiri, woyendetsa aliyense ali ndi helimeti yake, koma ya wokwera inali imodzi yomweyo. Munthu akanena kuti akupita ku Kamwala kapena m'tauni, kumene apolisi a pamsewu amakonda kuima, woyendetsa ankaitsitsa n'kumuveka. Akanena Woodlands kapena Chilenje, kodutsa njira zam'kati, helimetiyo inkatsala kudikira mnzawo amene angapeze wopita m'tauni. Onse ankaona kuti dongosolo limeneli n'lanzeru, ndipo palibe ankadandaula.

Miyezi itatu m'mbuyomo, Bilal, telala wa ku Chilenje amene ankafuna kukwatira Warda, anakwera njinga yofiira yomweyi. Ankapita ku Woodlands kukaonekera kwa amalume a mtsikanayo. Pokhota pa mphambano ina tayala linaterereka pamchenga. Kabamba anadzuka ndi mikwingwirima m'chigongono basi. Bilal anamenyetsa mutu m'mbali mwa ngalande ya simenti, ndipo anatsitsimuka patatha masiku asanu ndi anayi, dzanja lamanja litalefuka, mawu akutuluka amodziamodzi ngati madontho a pampopi wouma.

Pa pepala la ngozi panalembedwa kuti wokwerayo anavala helimeti koma inavuka. Warda anakhulupirira zimenezo mpaka tsiku limene mayi wogulitsa tomato pa mphambanoyo anamuuza zimene anaona ndi maso ake. Apolisi asanafike, panabwera njinga ina ikuthamanga, mwini wake anaika helimeti yakuda pafupi ndi mutu wa wovulalayo n'kubwerera. Mayiyo anakana kukachitira umboni, ati ali ndi ana oti alere. Kabamba sanapondeko n'komwe kuchipatala.

Bambo a Warda, a Abdulkadiri, ogulitsa nsalu ku Kamwala, ankamuuza kuti zonse zimalembedwa munthu asanabadwe, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Anawonjezanso kuti mutu ndi wa mwini wake, boma silingamayendere aliyense pamutu ngati wometa. Warda anawafunsa kuti nanga ngati mutu ndi wa mwini, bwanji wosintha mapilo a Bilal ndi mayi ake, wom'mwetsa phala ndi mlongo wake, wolira ndi iye? Bambowo anangopinda nsalu imene inali yopindapinda kale. Kudekha kwa nkhono Warda analibe. Kwa masiku anayi anazungulira wapansi kufufuza pamene apolisi amaima m'mawa, ndipo anawapeza pa msewu waukulu wopita ku Kabulonga.

"Manje tiyenda kuti?" Kabamba anafunsa akuliza njinga.

"Ku Woodlands, mukati."

Mumtima anali atalumbira chinthu chimodzi. Munthuyu akangotambasula dzanja n'kutsitsa helimeti ija, iye abwerera kunyumba n'kusiyira Mulungu mlanduwo. Anachedwa dala, akukonza mpango wake kumutu, akupinda bwino diresi, mpaka anayang'ana m'mwamba pa nthambi ija moonetsera. Kabamba anavala helimeti yake, namanga lamba pachibwano, n'kumenya mpando wakumbuyo ndi chikhatho.

"Kwelani, ba sisita. Uko kulibe ba bwana ba polisi, muzamvelako na kamphepo."

Ananyamuka. Maluwa a jakaranda anali atagwa mumsewu monse, ndipo tayala linkawaponda mopanda phokoso. Warda anakumbukira kuti Bilal anamulonjeza diresi ya ukwati ya mtundu umenewo, nati aisoka yekha ngakhale anthu anene kuti n'zachilendo. Anayang'ana helimeti inali patsogolo pa mphuno yake, yonyezimira, yopanda ndi kachipsera komwe, ndipo anaona nkhope yake momwemo itapindika. Mphepo inkamukoka mpango. Pa dzenje lililonse ankamva mutu wake kupepuka ngati chipanda.

Kabamba ankacheza mokweza mawu kuti apose injini. Anati boma limadana ndi amphawi, lamulo la mahelimeti analipangira anthu a magalimoto amene sadziwa kutentha kwa Okutobala. Azimayi ambiri, anatero, amakana okha poopa kuwononga tsitsi, ndiye iye angakakamize bwanji kasitomala? Pa zaka zisanu anagwapo kamodzi kokha, nakonso vuto linali la wokwera amene sankadziwa kukhala.

Warda analuma mlomo mpaka anamva mchere. Anatulutsa foni, naiika kukhutu ngati wina wamuimbira, kenako anamugwira paphewa n'kumuuza kuti anthu amene akukawaona asuntha, ali ku Kabulonga, adzere msewu waukulu chifukwa nthawi yatha. Kabamba anang'ung'udza kuti akanadziwa akanatenga ya pa mtengo ija, komabe anakhota.

Anawaonera patali apolisi aja: zovala zowala, galimoto yoima m'mbali, ndi lole imene inali itanyamula kale njinga ziwiri. Kabamba anachepetsa liwiro n'kuima kuseri kwa mpanda wa maluwa wa nyumba ina. Izi Warda sanaziganizire.

"Selukani, ba sisita. Muyende na mendo mupitilile ba bwana, ine nizamupezani kutsogolo pa filingi sitesheni. Ndiye mwamene timachitila."

Warda sanasunthe. Anaona kuti masiku ake anayi akuthera pa mpanda wa maluwa a eni. Munthuyu adutsa yekha atavala helimeti yake, mwina apatsanso apolisiwo moni.

"Sinditsika."

Kabamba anaseka, akuyesa kuti mtsikanayo akuopa dzuwa. Anamunyengerera kuti ndi pafupi, anamutcha mwana wa bwana, anamutcha mfumukazi ya ku Kabwata. Ataona kuti sizikuthandiza anapendeketsa njinga kuti atsetsereke. Warda anakola mapazi pa zitsulo zopondapo, nakulunga lamba wa jekete la Kabamba kudzanja lake kawiri.

"Imwe, ni chani kansi? Mufuna banipoke njinga?"

"Bilal munamuuzanso kuti amverako kamphepo?"

Injini inkalirabe. Kabamba anakweza galasi la helimeti n'kupotoloza khosi kuti amuone bwino. Anafunsa kuti ndi mlongo wake kapena ndani. Warda anati ndi amene ankadikira ku Woodlands tsiku lija, tiyi atazizira m'makapu, amalume ake akuyang'ana wotchi n'kumanena kuti mkamwini wochedwa tsiku loyamba adzachedwa moyo wonse.

Kabamba anayamba kulankhula mothamanga. Anati ngozi siona nkhope. Anati amene anabweretsa helimeti uja anangofuna kupulumutsa siteji yonse, chifukwa njingazo zimadyetsa mabanja khumi ndi awiri. Kenako ananena chimene Warda sanamvepo.

"Uja muntu wanu anakana eka. Ninamuonetsa helimeti, anakamba ati inunkha thukuta, izamuonongela kofiya yanyowani. Anafuna afike osamba pamenso panu. Manje mulandu ni wanga?"

Mawuwo anamulowa ngati singano, chifukwa anali oona. Kofiya yoyerayo anamugulira ndi Warda yemweyo, ndipo Bilal anali munthu woti akhoza kuyenda wapansi mpaka ku Chelstone kusiyana n'kukhwinyatitsa kolala. Kwa kanthawi dzanja lake linafooka pa lamba uja. Kabamba anamva kufookako ndipo anayamba kubweza njinga ndi mapazi kuti atembenuke.

"Akanakana, mukanamusiya pa siteji," Warda anatero. "Akanafika mochedwa, akanafika akununkha, ine ndikanamukwiyira tsiku limodzi. Munthu wopita kwa mkazi alibe nzeru, ba Kabamba, lamulo analiikira anthu otero. Nanga ine lero ndakana? Mwandifunsa?"

Kabamba anaponda giya. Warda anaimirira pa zitsulo zija, dzanja limodzi lili pa lamba, linalo anavula nalo kansalu ka paphewa n'kuyamba kukupiza m'mwamba pamwamba pa mpanda, akuitana ndi mawu onse amene anasunga miyezi itatu. Njinga inagwedezeka uku ndi uku. Kabamba anadziwa kuti akangothamanga, mtsikanayo agwa chagada apolisi akuona. Anazimitsa injini.

Wapolisi wamkazi anabwera akuyenda mosafulumira, nazula kiyi. Kabamba anayesa kunena kuti mtsikanayu wangokhalapo kuti apume, njinga sinali kuyenda. Wapolisiyo anagwira injini ndi nsonga ya chala n'kufunsa ngati masiku ano njinga zimatentha ndi kupuma kwa atsikana. Kenako anauza Warda kuti asaganize kuti wapulumuka, wokwera wopanda helimeti nayenso ali ndi mlandu.

"Lembani," Warda anatero, natchula dzina lake lonse, la bambo ake ndi nambala ya nyumba. Anapemphanso kuti alembe dzina la Bilal, tsiku la ngozi ndi za helimeti imene inafika pambuyo pa ngoziyo. Wapolisiyo anamuyang'ana nthawi yaitali, natembenuza tsamba, n'kuwauza onse awiri kuti akaonekere ku ofesi Lolemba m'mawa. Njinga yofiira anaikweza pa lole n'kuimanga ndi chingwe.

Pokwerera minibasi panali pamodzi pokha, ndipo minibasi imene inabwera inali ndi malo awiri okha, kumpando wakumbuyo. Kondakitala anawapanikiza pamodzi, nafunsa Kabamba ngati helimeti ili pamiyendoyo yatenga malo a njinga kapena a mkazi. Anthu anaseka. Awiriwo anayenda mapewa akugundana pa bampu iliyonse.

Atadutsa maloboti awiri, Kabamba anafunsa osamuyang'ana.

"Uja muntu wanu akamba manje?"

"Amatchula dzina la mayi ake. Langa sanalipezebe."

Kabamba anagogoda denga. Anatsika pamalo pomwepo, kutali ndi Kabwata, n'kuima padzuwa helimeti ili m'manja. Warda sanacheuke. Anasendera pakati, natambasula miyendo pamalo amene munthuyo anasiya, ndipo kondakitala atafuna kuikapo wina anamuuza kuti pali munthu, maganizo ake ali pa Bilal.